Mmene mungawerengere mphamvu ya madzi a peptide ndi zimene pampu ya m'mphuno imatulutsa mukaidina kamodzi

Masamu ake amaoneka ngati a ku pulaimale. Pakabotolo ka ufa wa peptide (tcheni chachifupi cha ma amino acid, timagawo timene timapanga mapuloteni) palembedwa 10 mg. Mwasungunula ufawo m'madzi okwana mamililita 10, ndiye kuti mililita iliyonse ili ndi 1 mg. Wogulitsa botolo lopopera wanena kuti pampu yake imatulutsa 0.1 mL. Mukachulukitsa mukupeza 100 mcg (mamaikirogalamu) pa kudina kamodzi, n'kulemba zomwezo m'buku la kafukufuku. Kuchulukitsako kulibe cholakwika. Koma pa manambala atatu amene alowa m'masamuwa, imene mwayeza ndi manja anu ndi imodzi yokha, ya madzi. Ya ufa mwangoiwerenga pa kapepala komata, ya pampu mwaimva kwa wogulitsa. M'chitsanzo chimene titsatire pano, 100 mcg ija itsika kufika pa 75 tikangoyeza bwinobwino, popanda ngakhale dontho limodzi lotayika.

Ndiyambe ndanena chinthu chimene chimandikhudza kwambiri. Malangizowa ndi a ntchito ya mu labu: kuyesa mapampu, kuona ngati peptide ikusungika bwino m'madzi, kukonzekera kafukufuku amene komiti yoona za chitetezo yavomereza. Ufa wolembedwa kuti ndi wa kafukufuku basi sunayesedwe ngati mankhwala a munthu. Palibe amene watsimikiza kuti mulibe tizilombo, mulibe poizoni wa mabakiteriya, kapena kuti muyeso wakutiwakuti suvulaza. Masamu angakuuzeni kuchuluka kwa zimene zatuluka m'pampu, koma sangakuuzeni kuti zimenezo n'zoyenera kulowa m'thupi. Ngakhale desmopressin, mankhwala a peptide amene madokotala akhala akulembera odwala kwa zaka zambiri, akapitirira muyeso amachititsa thupi kusunga madzi, mchere wa sodium n'kutsika m'magazi mpaka munthu kukomoka. Mu 2007 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linaletsa kupereka desmopressin wopopera m'mphuno kwa ana okodza pogona chifukwa cha vuto lomweli. Ngati mankhwala ovomerezeka amafuna kusamala kotere, ufa wosayesedwa usayandikire mphuno ya munthu.

Miyeso yonse ikhale ya mtundu umodzi

Musanakhudze kabotolo, sankhani miyeso imene mugwiritse ntchito, ndipo musaisinthe pakati pa ntchito. Galamu imodzi ndi 1,000 mg. Miligalamu imodzi ndi 1,000 mcg. Mililita imodzi ndi 1,000 µL, choncho 0.1 mL ndi 100 µL n'chimodzimodzi. Ine ndimasandutsa ufa wonse kukhala mcg, madzi onse kukhala mL, kuti yankho lituluke mu mcg/mL nthawi zonse.

Polemba ndi cholembera lembani mcg, osati µg. Kachizindikiro ka µ kakalembedwa mofulumira kamaoneka ngati m, ndipo wowerenga mawa adzaona mg pamene inu mumatanthauza chinthu chochepa ka 1,000. Lembaninso 0.5 osati .5, chifukwa kadontho kakafufutika nambala imakula ka 10.

Pali msampha wina kwa amene amayezera madzi ndi sirinji ya insulin. Mizere ya pa sirinji ya U-100 imatchedwa mayunitsi, koma kwa inu mizereyo ikungosonyeza kuchuluka kwa madzi: mayunitsi 100 ndi 1 mL, mayunitsi 10 ndi 0.1 mL. Sakugwirizana ndi mphamvu ya peptide yanu mwanjira iliyonse. Ngati labu ili ndi pipette (chida chotungira madzi ochepa molondola) yoyesedwa bwino, gwiritsani ntchito imeneyo.

Ufa uli m'kabotolo si peptide yokhayokha

Apa m'pamene ambiri amaphonya koyamba. Peptide yopangidwa mu labu imatuluka ngati mchere, kawirikawiri wa TFA kapena wa acetate, ndipo ufawo umakoka chinyezi. Kulemera kwa ufa kukuphatikiza zonsezi. Gawo limene lili peptide yeniyeni nthawi zambiri limakhala pakati pa 60 ndi 90 peresenti ya kulemerako.

Tengani chikalata cha zotsatira za kuyesa chimene chimabwera ndi ufawo, chimene amachitcha CoA, n'kufufuzamo manambala awiri osiyana. Yoyamba ndi ya kuyera kwake, imene amaipeza ndi makina a HPLC, mwachitsanzo 98 peresenti. Nambalayi ikunena kuti mwa mapeptide onse amene ali mu ufawo, 98 pa 100 alionse ndi amene munaitanitsa, otsalawo ndi oduka kapena opangika molakwika. Sikunena kanthu za mchere ndi chinyezi. Yachiwiri ndi imene amalemba kuti net peptide content, mwachitsanzo 82 peresenti, ndipo ndiyo imakuuzani gawo la ufa limene lili peptide. Munthu akaona 98 mtima umakhala pansi, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: yofunika kwambiri pa masamu athu ndi yachiwiriyo.

Chulukitsani zonse zitatu:

10 mg × 0.82 × 0.98 = 8.036 mg, kapena 8,036 mcg

Gawo limodzi mwa magawo asanu lapita kale musanathire ngakhale dontho.

Fufuzaninso ngati 10 mg ya pakabotoloyo ndi kulemera kwa ufa wonse kapena ndi ya peptide yokha, chifukwa makampani ena amathira ufa wochulukirapo kuti peptide yeniyeniyo ikwane nambala yolembedwa. Zikatero simuchulukitsanso ndi 0.82, mukatero mwachotsera kawiri. Chikalatacho chikapanda kutchula nambala yachiwiriyi, funsani kwa opangawo. Akapanda kuyankha, lembani m'buku momveka kuti masamu anu onse atsamira pa kulemera kwa ufa, kuti wobwera pambuyo panu adziwe.

Nkhaniyi imapezeka ngakhale pa mankhwala ovomerezeka. Pa desmopressin wopopera amalemba kuti kudina kamodzi kumatulutsa 10 mcg ya desmopressin acetate, imene ikufanana ndi 8.9 mcg ya desmopressin payekha. Manambala onse awiri ndi oona, kungoti akuyeza zinthu zosiyana.

Kusungunula ndi kupeza mphamvu yake

Kabotolo kakachoka mozizira, kasiyeni kotseka mpaka kafanane ndi kutentha kwa m'chipinda. Mukakatsegula kali kozizira, nthunzi ya mumpweya imagwera pa ufa. Kagogodeni pang'ono kapena kazungulitseni pa centrifuge kuti ufa womata pachitsekero ugwere pansi.

Musayese kutapa kaufa ka 1 mg kapena 2 mg n'kukayeza pa sikelo. Ufawu ndi wopepuka, umamata pa chotapira, umauluka, ndipo cholakwika chaching'ono pa muyeso waung'ono chotere chimakhala chachikulu. Njira yodalirika ndiyo kusungunula ufa wonse m'madzi ochepa odziwika bwino, n'kumatunga kuchokera m'menemo. Tiyerekeze kuti mwathira 2 mL:

8,036 mcg ÷ 2 mL = 4,018 mcg/mL

Awa ndi madzi anu oyambira, amphamvu. Thirani madziwo motsetsereka m'mbali mwa galasi, pendeketsani kabotolo uku ndi uku mofatsa, osakhutchumula mpaka thovu. Kayang'aneni powala. Mukaona timibulu kapena chifunga, ufa sunasungunuke wonse, ndipo nambala ya 4,018 sinakhale yoona.

Za madzi osungunulira tsatirani ndondomeko ya kafukufuku wanu ndi malangizo a opanga ufawo. Ambiri amagwiritsa ntchito madzi a mchere a 0.9 peresenti, chifukwa mchere wake umafanana ndi wa madzi a m'thupi, ndipo pH (muyeso wa asidi) ya m'mphuno imakhala pakati pa 5.5 ndi 6.5. Koma si peptide iliyonse imasungunuka bwino m'madzi a mchere. Zina zimafuna kuyamba ndi madzi oyera opanda kanthu, mcherewo n'kubwera pambuyo.

Lamulo la mphamvu ndi limodzi: kulemera kwa peptide kugawa ndi madzi onse amene alipo pamapeto. Mawu oti "pamapeto" ndi ofunika. Mukathira 2 mL ija m'botolo lopopera n'kuwonjezera 10 mL, muli ndi 12 mL, osati 10. Kuti mukhale ndi 10 mL mumawonjezera 8 mL yokha, ndipo madzi otsukira kabotolo aja ayenera kuchokera mu 8 mL yomweyo. Zikatero:

8,036 mcg ÷ 10 mL = 804 mcg/mL

Ikani pampu pa sikelo

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulitengere nthawi, chifukwa ndi limene anthu amalumpha pomwe silifuna zambiri: sikelo yabwino ndi mphindi makumi awiri.

Mapampu a m'mphuno sali a muyeso umodzi. Alipo a 50 µL, a 100 µL, a 140 µL ndi ena a pakati, ndipo kunja amaoneka ofanana. Alinso mabotolo ofinya ndi zala amene alibe muyeso n'komwe: zimene atulutse zimadalira mphamvu ya dzanja, choncho sayenera ntchito imeneyi. Ngakhale pampu yolembedwa 100 µL siimatulutsa 100 yeniyeni. Malangizo a FDA a mu 2002 okhudza mankhwala opopera m'mphuno amalola kuti kulemera kwa kudina kumodzi kusiyane ndi cholinga mpaka 15 peresenti, ndipo avereji isiyane mpaka 10 peresenti. Ndiye kuti pampu yabwino, yopambana mayeso, ikhoza kumatulutsa 91 kapena 109, ndipo palibe amene wanama. Nanga pampu yogulidwa popanda chikalata chilichonse?

Muyenera kukhala ndi sikelo yowerenga mpaka 0.001 g. Sikelo yongofika pa 0.1 g singathandize, chifukwa kudina kumodzi konse kumalemera pafupifupi 0.1 g yomweyo.

Dzazani botolo ndi madzi osungunulira okha, opanda peptide, kufika mulingo umene mudzagwiritse ntchito. Palibe chifukwa chowonongera ufa wodula pa mayesowa, malinga madziwo akhale omwewo amene mudzathiremo peptide. Ngati ndondomeko yanu ili ndi chinthu cholimbitsa madzi kuti azikakamira m'mphuno, chikhalemo poyesa, chifukwa madzi olimba satuluka mofanana ndi opyapyala.

Mangani pampu bwino, imikani botolo chilili, n'kudina kangapo mpaka utsi wa timadontho uzituluka wodzaza ndi wofanana. Kudina koyambirira kumangotulutsa mpweya umene unali m'kapaipi, ndipo sikuwerengedwa. Lembani kuti mwadina kangati kuti pampu ikoke madzi, chifukwa nambalayi ifunika kutsogoloku. Tinene kuti kasanu.

Pukutani kamlomo ka pampu, ikani botolo pa sikelo, lembani kulemera kwake. Lichotseni, dinani kamodzi mpaka pansi mwamphamvu ndi mofulumira, mukulozetsa kutali ndi sikelo ndiponso kutali ndi nkhope yanu. Pukutaninso, bwezerani pa sikelo, lembani. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi kulemera kwa kudina kumodzi. Chitani zimenezi kakhumi. Zimatopetsa, ndipo mtima umafuna kungodina kakhumi motsatizana n'kuyeza kamodzi kokha. Kutero kumapereka avereji, koma kumabisa chinthu chofunika: ngati pampuyo ikutulutsa mofanana nthawi zonse kapena ikudumphadumpha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyerekeze kuti mwapeza manambala awa, mu mg: 92, 95, 96, 93, 94, 95, 91, 96, 94, 95. Onse pamodzi ndi 941, avereji yake 94.1 mg. Yochepetsetsa ndi 91, yaikulu 96, choncho pampuyi ndi yokhazikika. Mukanapeza 78 apa, 112 apo, yankho likanakhala kutenga pampu ina, osati kubisala kuseri kwa avereji.

Tsopano sandutsani kulemera kukhala kuchuluka kwa madzi. Mililita imodzi ya madzi oyera imalemera pafupifupi 0.998 g pa madigiri 20, ya madzi a mchere a 0.9 peresenti pafupifupi 1.005 g. Ndi madzi a mchere:

0.0941 g ÷ 1.005 = 0.0936 mL

Pampu yathu yotchedwa ya 0.1 mL ikutulutsa 0.0936 mL. Ili m'malire ovomerezeka, komabe ndi yotsika ndi 6 peresenti.

Gwirani botolo ndi magolovesi kapena ndi kapepala, chifukwa thukuta la zala limalemera mokwanira kusokoneza sikelo yotere. Ngati anthu awiri adzakhale akudina pa kafukufukuyo, aliyense ayese payekha. Wodina mozengereza, osafikitsa pansi, amatulutsa zochepa. Ndipo botolo lililonse liyesedwe palokha, ngakhale onse atachokera m'katoni imodzi.

Kudina kumodzi kuli ndi zingati

Tsopano manambala onse ndi oyezedwa, ndipo chatsala ndi kuchulukitsa mphamvu ya madzi ndi madzi a kudina kumodzi:

804 mcg/mL × 0.0936 mL = 75 mcg

Nayo 75 ija. Munthu amene analemba 100 mcg m'buku lake akanakhala atakokomeza ndi gawo limodzi mwa atatu, ndipo chilichonse chimene akanapeza pambuyo pake chikanamangidwa pa nambala yolakwika.

Kuti muzolowere, yesani lamuloli pa mankhwala enieni amene manambala ake ndi odziwika. Nafarelin, wogulitsidwa ndi dzina la Synarel, ali ndi 2 mg/mL ndipo pampu yake ndi ya 100 µL: 2,000 × 0.1 ndi 200 mcg, monga mmene amalembera. Desmopressin wa 0.1 mg/mL pa pampu ya 0.1 mL akupereka 10 mcg. Calcitonin wa Miacalcin ndi chitsanzo chabwino kwambiri, chifukwa pampu yake inali ya 0.09 mL, osati 0.1, ndipo madzi ake anali ndi 2,200 IU/mL (IU ndi muyeso wa mphamvu ya mankhwala umene tiufotokoza kutsogoloku): kuchulukitsa kukupereka 198, amene ankalemba kuti 200 IU. Opangawo anakonza mphamvu ya madzi motengera pampu imene anali nayo, ndipo inunso muyenera kutero.

Kuyambira kumapeto

Kawirikawiri ntchito imabwera mozondoka. Ndondomeko ya kafukufuku imatchula kale muyeso wa kudina kumodzi, inu n'kupeza madzi oyenera kuthira. N'chifukwa chake pampu iyenera kuyesedwa ufa usanasungunulidwe. Tinene kuti ndondomeko ikufuna 50 mcg. Gawani muyesowo ndi madzi a kudina kumodzi:

50 mcg ÷ 0.0936 mL = 534 mcg/mL

Imeneyi ndi mphamvu imene mukufuna. Kuti ufa wonse ufike pamenepa pafunika 8,036 ÷ 534, amene ali pafupifupi 15 mL. Ngati botolo lanu limangolowa 10 mL, simungathiremo zonse. Apa m'pamene madzi oyambira aja a 4,018 mcg/mL amathandiza. Lamulo lake n'lakuti peptide imene mwatunga ndi yomweyo imene idzakhale m'botolo, madzi okha ndiwo achuluka. Chulukitsani mphamvu imene mukufuna ndi madzi onse amene mukufuna, n'kugawa ndi mphamvu ya madzi oyambira:

534 × 10 ÷ 4,018 = 1.33 mL

Tungani 1.33 mL, wonjezerani 8.67 mL ya madzi osungunulira, mwapeza 10 mL. M'kabotolo mwatsala 0.67 mL ya madzi amphamvu, amene mungasunge mozizira motsatira malangizo a peptide imeneyo. Mukamaliza bwererani chambuyo kuti mutsimikize: 1.33 × 4,018 ndi 5,344 mcg, kugawa ndi 10 ndi 534, kuchulukitsa ndi 0.0936 ndi 50. Yankho likabwerera pamene munayambira, masamu ali bwino. Ndimakondanso kupatsa mnzanga manambala oyambirira okha, osamuonetsa yankho langa, kuti awerengere payekha. Diso limene lalakwitsa kamodzi limalakwitsanso pamalo omwewo likamabwereza.

Ngati masamu akukuuzani kutunga madzi ochepetsetsa, monga 0.01 mL, musalimbane nawo. Sukulutsani kawiri: tengani gawo limodzi la madzi oyambira, wonjezerani magawo asanu ndi anayi a madzi osungunulira, mphamvu yatsika ka 10, ndipo tsopano mutunga 0.1 mL imene pipette imayeza molondola. Muyeso ukakhala waukulu kwambiri moti ufa sukusungunuka, musaganize kuti kuwonjezera kudina kungathetse vutolo popanda malire. Bowo limodzi la mphuno ya munthu wamkulu limasunga madzi ochepa, pafupifupi 0.1 mpaka 0.15 mL nthawi imodzi, otsalawo amatsikira kukhosi kapena kutuluka. Kwa mbewa za mu labu pampu ya munthu sigwira n'komwe: zimapatsidwa timadontho ta ma µL ochepa ndi pipette, ndipo masamu ake ndi omwewa, kungoti m'malo mwa pampu mumaika kadonthoko.

Botolo lidzadinidwa kangati

Kugawa 10 mL ndi 0.0936 kukupereka 106, koma simudzafika pamenepo. Chotsani kaye madzi oyambitsira pampu: kudina kasanu, tiwerengere 0.47 mL kuti tisapereweze. Chotsaninso madzi otsalira pansi amene kapaipi sikawafikira. Amenewa muwapeze poyesa: pitirizani kudina botolo la madzi opanda peptide lija, mukuyeza apo ndi apo, mpaka kulemera kwa kudina kumodzi kutayamba kutsika, kenako onani madzi amene atsala. Tinene kuti ndi 0.8 mL.

10 − 0.47 − 0.8 = 8.73 mL, ndipo 8.73 ÷ 0.0936 = 93

Kudina kodalirika ndi ka 93, ndipo nambalayi itsikanso ngati botolo lakhala masiku osagwiritsidwa ntchito n'kufunika kuyambitsanso pampu. Makampani a mankhwala amathira madzi opitirira pa chifukwa chomwechi. Botolo la Synarel lili ndi 8 mL koma amaliwerengera kudina ka 60, komwe ndi 6 mL. La Miacalcin linali ndi 3.7 mL pa kudina ka 30, komwe ndi 2.7 mL. Pa desmopressin wa kudina ka 50 amalangiza kutaya botolo nambalayo ikakwana ngakhale madzi akuonekabe, chifukwa zotuluka pambuyo pake zimakhala zoperewera.

Ngati lipoti likufuna mamole kapena IU

Poyerekeza mapeptide awiri, kulemera kokha kumasocheretsa, chifukwa 50 mcg ya peptide yaing'ono ili ndi mamolekyu ambiri kuposa 50 mcg ya yaikulu. Gawani mcg ndi kulemera kwa molekyu kumene kuli pa CoA, yankho lituluka mu µmol, muyeso wa kuchuluka kwa mamolekyu. Peptide yathu itakhala ya 1,500 g/mol, 50 ÷ 1,500 ndi 0.0333 µmol, kapena 33 nmol pa kudina kumodzi. Oxytocin ndi yosavuta kukumbukira: imalemera 1,007 g/mol, choncho 1 mg/mL ndi pafupifupi 1 mM, kutanthauza 1 µmol pa mililita iliyonse. Popeza mwachotsera kale mchere, gwiritsani ntchito kulemera kwa peptide yokha, osati kwa mchere wake.

IU ndi nkhani ina. Imayeza mphamvu ya kagwiridwe ka ntchito m'thupi, ndipo chinthu chilichonse chili ndi IU yakeyake. Pa oxytocin IU imodzi ndi pafupifupi 1.7 mcg, ndipo oxytocin wopopera wotchedwa Syntocinon ali ndi 40 IU/mL, kudina kumodzi n'kupereka 4 IU. Nambala ya 1.7 singasamutsidwire ku calcitonin kapena ku peptide ina iliyonse. Peptide yopanda IU yovomerezeka ilembedwe mu mcg kapena nmol basi.

Zimene zimasintha nambala botolo litatsekedwa kale

Masamu anu ndi oona pa tsiku limene mwakonza madziwo. Pambuyo pake pali zinthu zimene zimawakokera uku ndi uku.

Madzi amauluka ngati nthunzi pampu ikakhala yosamangika bwino, koma peptide imatsala, choncho mphamvu imakwera. Botolo la 10 mL likataya 1 mL, mphamvu yakwera ndi 11 peresenti. Izi si zongoganizira: mu 2020 kampani ya Ferring inachotsa pamsika mankhwala ake a desmopressin opopera m'mphuno, kuphatikizapo Stimate, atapezeka kuti ali ndi mphamvu yopitirira yolembedwa. Kuzindikira vutoli mu labu n'kosavuta. Yezani botolo pa sikelo musanaliike m'firiji, lembani kulemera kwake, n'kuliyezanso musanaligwiritse ntchito. Likapepuka pomwe palibe amene walidina, madzi athawa.

Mbali inayi, mapeptide amamata pa galasi ndi pa pulasitiki, ndipo madzi akakhala osukuluka kwambiri gawo lomatalo limakhala lalikulu poyerekeza ndi zonse. Sefa ya 0.22 µm yochotsera tizilombo nayonso ikhoza kugwira ina. Peptide imawonongekanso m'madzi pakapita nthawi, mofulumira kwambiri pofunda ndi powala, n'chifukwa chake madziwa amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Ngati mulibe choteteza ku tizilombo monga benzalkonium chloride, pampu wamba imalowetsa mpweya wakunja nthawi iliyonse yadinidwa, ndipo madziwo sakhalitsa. Zonsezi sikelo singazione. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zidzasindikizidwe, poperani m'kachubu koyera n'kuyeza zotulukazo ndi HPLC, poyamba, pakati ndi kumapeto kwa botolo. Peptide yokhala ndi amino acid ya tryptophan kapena tyrosine ingayezedwenso ndi kuwala kwa 280 nm, ngati madziwo ali ndi mphamvu yokwanira.

Polemba lipoti samalani ndi mawu. Nambala imene mwapeza ndi ya zotuluka m'pampu, osati zolowa m'magazi. Mphuno imakankhira mamina kukhosi mosalekeza, ndipo zimene zagwera m'kati zimachotsedwa m'mphindi pafupifupi 15 mpaka 20. Pa mapeptide ovomerezeka monga nafarelin, calcitonin ndi desmopressin, gawo lofika m'magazi limakhala la maperesenti ochepa chabe, pafupifupi atatu kapena kupitirirako pang'ono. Lembani kuti "muyeso woperekedwa", ndipo musayerekeze mwachindunji ndi muyeso wa jakisoni.

Pomaliza matani kapepala pa botolo lenilenilo, osati pa chivundikiro chimene chingasinthane ndi cha botolo lina. Lembanipo dzina la peptide ndi nambala ya gulu lake yochokera pa CoA, mphamvu mu mcg/mL ndi mawu osonyeza kuti mchere wachotseredwa, madzi osungunulira, 0.0936 mL ya pampu imeneyo, 50 mcg ya kudina kumodzi, tsiku lokonzera, tsiku lotayira, ndi mawu aakulu oti si a munthu. M'buku jambulani mizere 93, muzidula umodzi pa kudina kulikonse, kuphatikizapo koyambitsiranso pampu, ndipo pambali pake siyani danga lolembapo kulemera kwa botolo tsiku lililonse limene lituluke m'firiji.